Kodi nyumba zothawirako amayi ozunzidwa zizidalira boma kapena anthu achifundo?

NaBanda

Moni nonse. Ndalemba motalika, mundipirire.

Ndimagwira ntchito ya usiku pa nyumba ina yothawirako amayi amene achoka pabanja chifukwa cha nkhanza. Sinditchula dzina lake kapena kumene ili, chifukwa chinsinsi chimenecho ndiye mpanda wathu weniweni. Ndakhalapo zaka 7. Tili ndi zipinda 6. Ntchito yanga ndi kukhala maso: foni ikalira ndiyankhe, wina akagogoda pageti ndiyambe ndaona kuti ndani, mwana akadzuka ndi maloto oipa ndithandize mayi ake kumutonthoza.

Sabata yatha, cha m'ma 2 koloko usiku, anaimba mayi wina. Amalankhula monong'ona, ndipo kumbuyo kwake kumamveka madzi a pampopi. Ndinadziwa kuti wadzitsekera m'bafa n'kutsegula madzi kuti mwamuna asamve, poti ambiri amatero. Anati madzulo ake mwamunayo anamukanyanga pakhosi mpaka anaona mdima. Ali ndi ana awiri, wina wa zaka 4, wina wa zaka 11 amene amayenda pa njinga ya olumala. Zipinda zathu zinali zodzaza, ndipo m'chipinda chimodzi munali kale mabanja awiri. Ngakhale chikanapezeka chopanda munthu, makomo athu ndi opapatiza, njinga singalowe, ndipo polowera kubafa pali masitepe. Takhala tikupempha ndalama yokulitsira khomo limodzi lokha kwa zaka 3.

Ndinamuuza kuti adikire, n'kuimba malo ena anayi. Awiri sanayankhe. Kwina kunali kodzaza. Komaliza anati alibe wosamalira mwana wolumala. Ndinabwerera kwa mayi uja manjamanja. Ndinamuuza kuti aike mapepala ofunika ndi mankhwala a mwana m'chikwama chimodzi, kuti mkangano ukayamba asathawire kukhitchini kumene kuli mipeni, kuti aimbire apolisi, ndiponso kuti kukacha apite kuchipatala akamuone pakhosi, chifukwa kuvulala kwa m'kati nthawi zina sikuoneka tsiku lomwelo. Anangoti "zikomo, mayi," n'kudula. Sanaimbenso.

Amene sanagwirepo ntchitoyi amayesa kuti kukanyanga pakhosi n'chimodzimodzi mbama. Ayi ndithu. Kafukufuku wa ku America wa 2008 anapeza kuti mkazi amene anakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake amakhala pachiopsezo chophedwa kuwirikiza pafupifupi ka 7 poyerekeza ndi amene anazunzidwa m'njira zina. Ine ndimadziwa zimenezi pamene ndimamuuza kuti malo palibe.

Tsopano za ndalama. Timayendetsa nyumbayi ndi thandizo la mabungwe awiri komanso kagawo kakang'ono kochokera kuboma. Zonsezi ndi za chaka chimodzi chimodzi. Miyezi itatu yomaliza ya chaka chilichonse mkulu wathu amasiya kuthandiza amayi n'kumangolemba mafomu opemphera. Chaka chino bungwe lalikulu latiuza kuti lasintha zolinga, tsopano likufuna ntchito zophunzitsa anthu, osati zosunga anthu. Kontrakiti yanga itha pakapita miyezi 4. Mlangizi wathu wa ana, amene amatha kulankhulitsa mwana yemwe wakhala duu kwa masabata, anachoka kale. Nayenso ali ndi ana, sakanadikira kuti aone ngati adzalandire.

Ine maganizo anga ndi akuti boma lizilipira nyumba zotere monga limalipirira ozimitsa moto. Palibe amene amauza ozimitsa moto kuti chaka chilichonse azilemba kalata yopempha, akapanda kupambana atseke. Koma mnzanga wa masana ali ndi mantha, ndipo sindikumutsutsa kwathunthu. Akuti boma likangoikamo ndalama zambiri lidzafuna mayina a amayi, lidzafuna kudziwa pamene pali nyumba, lidzalamula kuti munthu azikhala masiku angati, ndipo olamulira akasintha tidzagwa tsiku limodzi. Ndiye ndikufunsa: amene mwaona mmene zimayendera, ndalama za boma zingabwere bwanji popanda kuononga chimene chimachititsa kuti nyumbazi zikhale zotetezeka?

Bambo a Chisomo

NaBanda, pepani ndi usiku umenewo. Ine ndinagwira ntchito yowerengera ndalama kukhonsolo kwa zaka 19, ndipo mafomu ngati amene mkulu wanu amalembawo ankadutsa patebulo panga. Ndilankhula monga munthu wa mbali inayo.

Funso lakuti boma lipereke kapena ayi, kwa ine ndi losavuta. Lipereke. Chovuta ndi kaperekedwe, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri a mtima wabwino amagwa. Ife a maofesi timakonda kulipira pamutu: mayi mmodzi, usiku umodzi, ndalama zakutizakuti. Papepala zimaoneka zaukhondo, ndipo wobwera kudzafufuza mabuku sakuvutitsa. Koma taganizani zimene njirayi imachita. Bedi lopanda munthu silibweretsa kanthu, choncho nyumba imakakamizika kudzaza mabedi onse nthawi zonse. Pamene nyumba yothawirako imafunika kukhala ndi chipinda chimodzi chodikira foni ya 2 koloko ija. Mlonda, magetsi, inuyo wa usiku, zonsezi zimafuna ndalama kaya muli anthu 6 kaya awiri. Ndinazindikira mochedwa kuti tikulipira chinthu cholakwika. Timayenera kulipira chipinda ndi antchito, osati mutu wa munthu.

Palinso vuto lina. Ndalama ikamatsatira munthu, amene malamulo sakumulola kulandira thandizo la boma amasanduka katundu. Ku England gawo lalikulu la lendi ya m'nyumba zothawirako limachokera ku thandizo la boma la nyumba, ndiye mayi wochokera kunja amene chitupa chake sichimulola kulandira thandizolo amavutika kupeza malo. Ku Germany amayi ena, monga ophunzira kapena amene ali pantchito, akhala akuuzidwa kuti adzilipirire okha tsiku lililonse limene akhala m'nyumba yothawirako. Munthu wathawa ndi zovala za m'thupi zokha, mwina mwamuna ndiye amagwira khadi la kubanki, ndiye mukumupatsa bilu.

Chachiwiri chimene ndinaona ndi mpikisano wa makontrakiti. Khonsolo ikalengeza kuti ikufuna woyendetsa nyumba, amene amapambana kawirikawiri ndi amene watchula mtengo wotsika ndiponso ali ndi anthu olembedwa ntchito yolemba mafomu basi. Kagulu ka amayi kamene kakhala kakugwira ntchitoyi zaka 20 kamagonja kwa bungwe lalikulu losunga osowa pokhala, limene silidziwa kuti foni ya mayi wongofika kumene iyenera kuzimitsidwa chizindikiro choonetsa pamene munthu ali, mayiyo asanalowe pageti. Ine ndinasainirapo chiganizo chotero. Mpaka lero chimandiwawa.

Za mantha a mnzanu pa mayina, ndikuuzeni zoona: wofufuza mabuku safuna dzina la mayi aliyense. Amafuna kuona kuti ndalama yalowa, yatuluka, malisiti alipo, antchito alipodi, ndipo anthu angati athandizidwa. Nambala ya fayilo imakwanira. Pamene ofesi ikufuna mayina, kawirikawiri n'chifukwa chakuti palibe amene anakana poyamba. Zimenezi mukambirane musanasaine, zilembedwe m'kontrakiti momwemo, pamodzi ndi mfundo yakuti adiresi izidziwika ndi ofesala mmodzi kapena awiri okha.

Chimene ndingalimbikitse kwambiri ndi chakuti udindowu ulembedwe m'lamulo, ndipo lamulolo litchule ofesi imene iyenera kuyankha. Ku England lamulo la 2021 la nkhanza za m'banja linaika udindo pa makhonsolo akuluakulu woti aone kuchuluka kwa ofunika malo otetezeka ndi kupereka thandizo m'malowo, ndipo boma linapereka mapaundi 125 miliyoni chaka choyamba. Sikuti mavuto anatha, amayi akubwezedwabe. Koma monga munthu wa bajeti ndikudziwa kusiyana kwake. Ndalama zikachepa pakati pa chaka, timayamba kudula zimene lamulo silitikakamiza. Chimene chili m'lamulo timachigwira pomaliza.

Wopulumuka

Mayi NaBanda, ndawerenga uthenga wanu misozi ili m'maso, chifukwa inenso ndinaimbapo foni ndili m'bafa.

Ndinachoka katatu. Ulendo woyamba ndinapita kwa abale, ndipo pasanathe sabata mwamuna wanga anabwera n'kugwada, abale n'kundiuza kuti banja n'kupirira. Wachiwiri ndinapita kwa mnzanga, anakaswa mawindo kumeneko, ndipo ndinabwerera chifukwa cha manyazi kuti ndabweretsa mavuto pakhomo pa eni. Amene amati "bwanji osangopita kwa achibale" sadziwa kuti kwa achibale ndi kumene iye amayamba kukafuna. Wachitatu ndi pamene ndinapeza malo m'nyumba ngati yanuyo. Ndinakhalamo miyezi 5.

Usiku woyamba sindinagone. Ndinakhala pansi nditatsamira chitseko. Mayi wa usiku, ngati inuyo, anabwera n'kukhala panja pa chitsekocho, sanandifunse kanthu, anangoti "ndili pompano mpaka kuche." Ndikamva anthu akukamba za mabedi angati, ndimafuna kuwauza kuti bedi si limene linandipulumutsa. Anali munthu ameneyo, ndi wina amene anandiperekeza kukhoti n'kukhala pakati pa ine ndi iye pabenchi, ndi wina amene anathandiza kuti mwana wanga wamkazi alowe sukulu ina popanda dzina lake kufika kwa bambo ake. Boma likati lilipira nyumba koma osati anthu amenewa, lagula chigoba.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna zimveke. Choyamba, mwana wanga wamwamuna anali ndi zaka 14, ndipo lamulo la nyumbayo silinkalola anyamata a msinkhu umenewo, chifukwa mabafa anali ogwiritsa ntchito onse ndipo amayi ena ankachita mantha. Ndikumvetsa. Koma ndinamusiya kwa mphunzitsi wake wina amene anandichitira chifundo, ndipo kwa miyezi 5 ndinkamuona mobisa. Mwanayo anaganiza kuti ndasankha mlongo wake. Zaka zapita koma bala limenelo silinapole bwinobwino. Kukanakhala kachipinda kamodzi kokhala ndi bafa ndi khomo lakelake, tikanakhala limodzi. Ndi nkhani ya ndalama yomweyo, ngati khomo lanu lopapatizalo.

Chachiwiri, ndinali wokonzeka kutuluka pa miyezi itatu. Miyezi iwiri inayo ndinakhala chifukwa ndinalibe kolowera. Eni nyumba ankafuna lendi ya miyezi ingapo pasadakhale, ntchito ndinali nditasiya chifukwa iye ankadziwa kumene ndimagwira. Ndinkamva foni ikulira usiku, ndikudziwa kuti wina akubwezedwa chifukwa ine ndadzaza chipinda. Ndiye amene akuganiza za bajeti aganizirenso potulukira. Kumuthandiza mayi ndi lendi yoyambira kumatsegula chipinda msanga kuposa kumanga china. Koma kuika malire a masiku popanda thandizo limeneli, monga akuopera mnzanu, n'kumubweza kwa mwamuna yemweyo. Ndinaona awiri akubwerera motero.

Mphunzitsi Wopuma

Ndikupepesa kwa amayi awiri mwalembawa, ndipo sindikuchepetsa zimene mwakumana nazo. Koma ndiloleni ndifunse mbali ina, chifukwa yakhala ikundivuta kwa nthawi yaitali.

N'chifukwa chiyani wothawa akhale mayi? Wolakwa ndi mwamuna, koma iye amatsala m'nyumba, amagona pabedi lake, amapita kuntchito kwake. Mayi ndi ana ndiwo amasiya zonse n'kukabisala ngati ndiwo apalamula. Pa zaka zanga za m'kalasi ndinataya ana angapo motero: Lolemba alipo, Lachiwiri mpando uli wokha, osatsanzika. Ndimaopa kuti tikathira ndalama zambiri m'nyumba zobisalamo, tikuvomereza kuti zinthu zizikhala choncho.

Ku Austria kuyambira 1997 apolisi ali ndi mphamvu yotulutsa wochita nkhanza m'nyumba nthawi yomweyo n'kumuletsa kubwerera, ngakhale nyumbayo ikhale yake. Pano chiletsocho ndi cha masabata awiri, ndipo khoti lingathe kuchitalikitsa. Kodi ndalama zochepa zimene boma lili nazo sizingagwire ntchito yaikulu zitapita kumeneko, kwa apolisi ophunzitsidwa bwino ndi makhoti ofulumira? Thumba la boma ndi limodzi. Momwemo mukuchokera mankhwala a m'zipatala ndi mabuku a ana. Sindikunena kuti nyumbazi zitsekedwe, koma ndikufuna wina anditsimikizire kuti ndi pamene ndalama iyenera kuyambira.

NaJere

Aphunzitsi, funso lanu ndi labwino ndipo ndiyamba nalo. Ine ndimathandiza amayi pa nkhani za kukhoti, ndiye ziletso zimenezi ndimazidziwa. Zimathandiza kwambiri, ndipo ndikanakonda dziko lililonse likanakhala ndi lamulo ngati la ku Austria. Koma chiletso ndi pepala. Chimagwira ntchito pa mwamuna amene akuopa kumangidwa kapena kutaya ntchito. Pa mwamuna amene watsimikiza mumtima kuti "ukandisiya ndikupha," pepala limangomuuza kuti mkaziyo ali panyumba pomwe iye akupadziwa, makomo ake onse ndi mawindo omwe. Nthawi imene mkazi akuchoka kapena wangochoka kumene ndi imene amakhala pangozi yaikulu yophedwa. N'chifukwa chake Austria yomweyo sinatseke nyumba zake zothawirako. Mayi wa m'bafa uja, amene wakanyangidwa kale pakhosi, ine sindingamuuze kuti akhale pomwepo poti mwamuna wapatsidwa kalata.

Kukula kwa nkhaniyi tisakuiwale. Bungwe la WHO limati pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi anachitiridwapo nkhanza zomenyedwa kapena zogonana pa moyo wake, ndipo ambiri ndi mwamuna wawo yemwe. Lipoti la United Nations linati mu 2023 amayi ndi atsikana pafupifupi 51,100 anaphedwa ndi amuna awo kapena achibale. Ndi anthu 140 tsiku lililonse. Matenda akanapha anthu chotere, sitikanati achifundo aone chochita.

NaBanda, nkhani yanu yandikumbutsa mlandu wina umene ndikufuna muudziwe, chifukwa ukufanana ndi wanu modabwitsa. Mayi wina wa ku Hungary, amene m'mabuku amangotchedwa A.T., anazunzidwa kwa zaka ndi mwamuna wake. Anali ndi ana awiri, mmodzi wolumala kwambiri. Sanathe kupita ku nyumba yothawirako chifukwa panalibe ndi imodzi yomwe imene ikanamulandira pamodzi ndi mwana wolumalayo, ndipo nthawi imeneyo malamulo a dzikolo analibe chiletso choteteza munthu wotero. Anakadandaula ku komiti ya United Nations yoyang'anira pangano la CEDAW lothetsa tsankho kwa amayi, ndipo mu 2005 komitiyo inapeza kuti dziko la Hungary laphwanya ufulu wake. Onani bwino: amene anamumenya ndi mwamuna, koma amene anapezeka wolakwa pamaso pa komiti ndi boma, chifukwa silinakonze pothawira. Khomo lanu lopapatiza si nkhani ya chifundo. Ndi udindo umene wina sanaukwaniritse.

Mapangano ena amanena mosabisa. Pangano la Istanbul la 2011, la mayiko a ku Ulaya lolimbana ndi nkhanza kwa amayi, lili ndi gawo 23 lolamula mayiko kukhazikitsa nyumba zothawirako zokwanira ndiponso zosavuta kufikako, ndipo gawo 8 limati apereke ndalama ndi antchito okwanira, kuphatikizapo ku mabungwe omwe si aboma. Muyeso umene amatchula pofotokoza panganolo ndi malo a banja limodzi pa anthu 10,000 alionse. Mungathe kuwerengera nokha dera limene nyumba yanu imatumikira, muone kuti zipinda 6 zikuimira chiyani. Pangano la Maputo la 2003 la ufulu wa amayi mu Africa nalonso, m'gawo 4, limauza maboma kuti aike ndalama zokwanira m'bajeti zolimbana ndi nkhanza kwa amayi.

Koma mnzanu wa masana asanyozedwe. Nyumba zimenezi sizinayambitsidwe ndi maboma. Ya ku Chiswick ku London inayamba mu 1971 ndi Erin Pizzey ndi amayi anzake m'kanyumba kakang'ono. Ku Sydney ku Australia mu 1974 Anne Summers ndi anzake analowa m'nyumba ziwiri zopanda anthu n'kuyambitsa nyumba yothawirako yotchedwa Elsie, ndipo ndalama za boma zinabwera chaka chotsatira. Luso lonse la ntchitoyi, kusunga chinsinsi, kumukhulupirira mayi popanda kumufunsa umboni, kusamukakamiza kukasuma, linachokera kwa amayi otero, osati m'maofesi. Ndipo ndale zimasinthadi. Dziko la Turkey, kumene pangano la Istanbul linasainidwira n'kutengako dzina, linatulukamo mu 2021. Ndiye ine ndimati boma lipereke ndalama, liike miyezo, lifufuze mabuku, koma kayendetsedwe ka tsiku ndi tsiku kakhale m'manja mwa odziwa. Ndipo kathumba kena kapadera kochokera kwa anthu wamba kasasowe, kuti tsiku limene mudzafune kudzudzula boma pakamwa pasadzakhale pomangidwa.

Chomaliza, kuti muone kutalika kwa ulendowu. Ku Germany nyumba yoyamba inatsegulidwa ku Berlin mu 1976. Lamulo lopatsa mayi ufulu weniweni wolandira chitetezo ndi uphungu kwaulere linadutsa mu 2025, boma lalikulu linalonjeza mayuro 2.6 biliyoni, ndipo ufuluwo udzayamba kugwira ntchito mu 2032. Ndi dziko lolemera limenelo.

Mphunzitsi Wopuma

NaJere, ndamva. Mfundo yakuti chiletso chimasiya mayi pamalo amene mwamuna akuwadziwa sindinaiganizire mokwanira. Ndikuumirirabe kuti apolisi ndi makhoti asaiwalike, chifukwa popanda iwo zipinda zidzadzaza ngakhale mutamanga 100. Koma pa mayi wa m'bafa uja ndilibe choyankha. Amafunika khomo loti alowe usiku womwewo.

NaBanda

Zikomo nonse. Ndawerenga kawiri, ndipo zina ndamuwerengera mnzanga wa masana pamene timasinthana m'mawa uno.

Aphunzitsi, sitikutsutsana kwenikweni. Theka la ntchito yathu ndi kuperekeza amayi kupolisi ndi kukhoti, ndipo fayilo ikachedwa miyezi, mayiyo amakhalanso miyezi m'chipinda chathu. Khoti likamafulumira, ife timapeza malo. Ana amene munkawataya m'kalasi aja, ena amafikira kwa ife, ndipo chinthu choyamba chimene amafunsa kukacha ndi chakuti abwerera liti kusukulu.

Bambo a Chisomo, mwanditsegula maso. Kagawo ka boma kamene timalandira ndi ka pamutu ndendende monga mwanenera, ndipo ine ndinkaona ngati ndi mmene ziyenera kukhalira. Ndi chifukwa chake mkulu wathu amada nkhawa chipinda chikakhala chopanda munthu masiku atatu, pamene ine wa usiku ndimapuma bwino ndikadziwa kuti chilipo. Tonse awiri timafunira nyumbayi zabwino, koma kaperekedwe ka ndalama kamatikokera kosiyana. Zakuti wofufuza mabuku safuna mayina, mnzanga sanakhulupirire msanga. Akuti anafunsidwapo mndandanda wa mayina ndi ofesala wina zaka zapitazo, iye n'kukana, ndipo ndalama zinachedwa miyezi iwiri. Tagwirizana kuti ulendo uno tipempha kuti zilembedwe.

Achemwali Wopulumuka, nkhani ya mwana wanu wamwamuna yandilasa, chifukwa lamulo limenelo nafenso tili nalo, ndipo ine ndi pakamwa panga ndauzapo amayi kuti mnyamata sangalowe. Ena amangoti "basi ndikhala konkuno," n'kudula foni. Sindinamvepo mbali ya mwanayo mpaka lero. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kachipinda kosungiramo katundu kamene kali ndi khomo lakelake. Katakonzedwa n'kuikamo bafa lopanda masitepe, kangathe kulandira mayi wa mnyamata wamkulu kapena wa mwana wa njinga. Ndakhala ndikukadutsa zaka 7.

NaJere, dzina la A.T. ndalilemba pakapepala n'kumata pafupi ndi foni. Tapangana ndi mkulu wathu kuti tilembere komiti ya aphungu yoona za bajeti, ndipo tiitana nyumba zina zinayi zija kuti tisaine limodzi, kuphatikizapo zimene sizinayankhe usiku uja. Ndafufuza, ndapeza kuti imodzi inachotsa wa usiku chaka chatha chifukwa cha ndalama, ndiye foni imangolira m'ofesi yotseka. Tipempha kuti thandizo likhale la zaka zosachepera 3, lilipire zipinda ndi antchito, mayina asatuluke, ndipo pakhale kandalama kothandiza mayi kulowa m'nyumba yake. Kuyambira mwezi uno tiyambanso kulemba aliyense amene tamubweza, tsiku, chifukwa chake ndi ana angati, popanda dzina. Takhala tikuwerenga amene talandira okha, chifukwa ndi amene mafomu amafunsa.

Ena mwandifunsa kumbali ngati ndinamuimbiranso mayi uja. Sitiimba. Foni ikhoza kuyankhidwa ndi mwamunayo, kapena angaone nambala yachilendo n'kuyamba kumufunsa. Timadikira kuti aimbe yekha. Lachinayi chipinda chachitatu chitsala chopanda munthu, mayi wake wapeza nyumba. Pali kale awiri amene akudikira. Ndapempha mlonda wathu, amene amadziwako za ukalipentala, kuti ayeze khomo la kachipinda kakuseri kaja, tidziwe kuti njinga ikufuna masentimita angati. Abwera ndi tepi usiku uno, ine ndikulowa 8 koloko.